Dzanja Lomangidwa Nsanza

Sparkhill, Birmingham
11 Febuluwale 2024

Alongo anga a Jairos,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana? Tikumva kuti mvula yadukiza. Mundiuze ngati chimanga cha kuseri kwa tchalitchi chapirira. Ine ndilipo, maondo okha ndiwo sakugwirizana ndi chisanu cha kuno. Wagwira cholembera ndi mwana wanga Dorothy, wangoweruka kuchipatala, koma pakamwa ndi panga. Ndamuuza alembe monga ndikunenera, asakonze.

Ndiyambira patali, mundipirire.

Kuntchito kwa Dorothy kuli namwino mnzake, mzungu, dzina lake Bethany. Tsiku lina akumwa tiyi anamva kuti Dorothy ndi wa ku Malawi, ndiye anati agogo ake aamuna anakhalako kumeneko nthawi ya Nyasalande, ankayendera masukulu a m'midzi. Dzina lawo Osborne. Alongo, musandiuze kuti mwaiwala. Ndi Bwana Oziboni uja, wa njinga yamoto imene tinkaimva idakali kutsidya kwa dambo.

Lamulungu lapitali Bethany anatiitanira kwawo ku Oldbury, ulendo wa mabasi awiri. Anatulutsa buku lalikulu la zithunzi za agogo akewo. Ndinkangoona mitengo ndi azungu a zipewa, mpaka tsamba lina litatembenuka ndinati, imani pomwepo. Kasukulu kathu ka pa Mkanthama, kadothi kaja, ndi mawindo ake opanda kanthu. A Phineas, aphunzitsi athu, aima chilili ndi jekete yawo imodzi ija. Kutsogolo kwawo mwana waima pa benchi, mutu wometa mpala, malaya a kaki ofika m'maondo, dzanja lamanja lomangidwa nsanza.

Pansi pake bwana uja analembapo ndi inki. Dorothy anandimasulira: “Jairos, mwana wanzeru koposa onse, sukulu ya Mkanthama, 1953.”

Ndinaseka mpaka tiyi anatayikira pa nsalu ya eni ake. Bethany anada nkhawa, anayesa ndatsamwa. Ndinavula duku n'kumuonetsa khutu langa lamanzere, long'ambika ndi minga ya kankhande lija. Anabweretsa galasi lokulitsa zinthu. Anayang'ana khutu la pa chithunzi, anayang'ana langa, kenako anagwira pakamwa.

Tsopano pempho langa. Pa 6 Julayi Amalawi a kuno adzasonkhana mu holo ya tchalitchi ku Lozells, ndipo akufuna kukuza zithunzi zimenezi n'kuzipachika kukhoma kuti ana obadwira kuno aone sukulu za makolo awo. Bethany akuti iye wakhulupirira, koma a komiti akuti sangasinthe zolembedwa m'buku chifukwa cha khutu la gogo mmodzi, mwini dzina ali moyo. Akufuna kalata yanu mwezi wa Meyi usanathe, chifukwa pamenepo m'pamene apereke mayina kwa osindikiza.

Sindikupempha mbuzi. Mizere iwiri yokha, yonena kuti mwana wa pa benchiyo ndine. Dorothy ajambula kalatayi pa foni n'kutumiza kwa mwana wanu Steve ku Mponela, iye akubweretserani.

Ndine mlongo wanu,
Nelesi Nankhoma

*

Mkanthama, Dowa
3 Malichi 2024

Wokondedwa mlongo wanga Nankhoma,

Kalata yako ndalandira, Steve anaisindikiza pamodzi ndi chithunzi. Tonse tili bwino. Mvula yabwerera koma mochedwa, ndipo chimanga chambiri chamasula chili chachifupi.

Chithunzicho ndachiona. Zaka makumi asanu ndi awiri si dzulo, mlongo wanga. Nthawi imeneyo ana tonse tinkameta mpala chifukwa cha nsabwe, ndipo tinkafanana ngati maungu a m'munda umodzi. Pepala lakale limathanso kudyeka, khutu n'kuoneka long'ambika.

Ngati a komitiwo akufuna mbiri, angofunsa ine. Uwauze kuti tinkayamba Sabu A, kenako Sabu B, ndipo polowa mwana ankapititsa dzanja pamwamba pa mutu kuti agwire khutu la mbali ina. Wolephera ankabwerera kwawo kukakula. Tinkalemba pansi ndi chala, chifukwa masileti analipo asanu okha, ana makumi anayi. Lachisanu tinkalima munda wa aphunzitsi. Zonsezi ndikhoza kuwalembera bwinobwino, masamba khumi ngati afuna.

Koma za chithunzi ndikuti zisiye. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, ndakhala hedimasitala m'masukulu anayi, ndine mkulu wa mpingo kuyambira iwe usanakhale ndi zidzukulu. Nkhani ya mwana wopsa dzanja amene anagonjetsa mzungu pa masamu ndaifotokozera ana osawerengeka pa asembule, ndipo ena mwa iwo lero ndi madokotala. Ukufuna ndikawauze chiyani?

Kapena pali china chimene ukuchizungulira? Ngati ndi dimba la amayi la kudambo, nena poyera. Ndi lako, ine ndimangolisunga.

Umuuze Dorothy kuti mankhwala opaka maondo aja anatha.

Mlongo wako,
J. L. Nkhoma

*

Sparkhill
24 Malichi 2024

Alongo,

Moni wabwino kwa nonse. Mankhwala a maondo abwera, musadere nkhawa. Dimba limani, dyani. Ine ndilima dimba la ku Dowa ndili pa Stratford Road?

Mwati zaka zachuluka. Chabwino, ndikukumbutsani pang'onopang'ono, poti ine ndilibe mabuku m'mutu oti aphimbe zinthu.

Tsiku limene inu munagwira khutu pamaso pa a Phineas, inenso ndinali pambuyo panu, ndipo ndinaligwira bwino kuposa inu. Koma abambo anati wa sukulu ndi mmodzi, mtsikana alere mwana. Ndiye inu munalowa, ine ndinakakhala kunja pansi pa windo, mng'ono wathu malemu Limbikani ali kumsana, ndikusenda mtedza. Zaka zitatu. Zilembo sindinazione, chifukwa maso sakhota pa khoma. Koma khutu limakhota. Mukamaimba matebulo, thu wani thu, thu thu folo, ine ndinkagwedezera mwana nyimbo yomweyo.

Kenako uthenga unabwera kuti bwana woyendera afika Lachinayi, ndipo akapeza ana osakwana kapena osayankha atseka sukulu. A Phineas anayenda khomo ndi khomo kubwereka ana monga mmene timabwerekera khasu. Bwana ankaitana mayina kuchokera m'kaundula, tsono dzina lililonse linkafunika pakamwa pake. Inu kunalibe sabata imeneyo. Amayi anati mwapita kwa atsibweni kukathandiza ng'ombe.

Lachinayi m'mawa amayi anandimeta ndi lumo, anandiveka malaya anu ndi kabudula wanu. A Phineas anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

“Ukudziwa kulemba J?”

“Iyayi.”

“Ambuye ndichitireni chifundo.”

Anang'amba nsanza yofufutira bolodi, anaipaka makala ndi mafuta a nsatsi, n'kundimanga dzanja lamanja. “Akakufunsa unene kuti unagwera pamoto. Akaitana Jairos unene pulezenti sa. Kupatula pamenepo tseka pakamwa, ukatsegula ndikusenda.”

Bwana anafika, fumbi lili mbuu. Anaitana mayina, ndinayankha. Kenako anayamba mafunso m'Chinyanja chake chotulukira m'mphuno. Anayambira kumbuyo, kwa anyamata a ndevu aja amene ankakhalira sukulu pothawa msonkho. Seveni taimusi eyiti? Wina anati fifite. Wina anati sikisite. Wina anangoyang'ana kudenga ngati yankho lili m'udzu. Bwana anatulutsa kabuku kake n'kuyamba kulemba, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa a Phineas mpaka kulowa m'jekete.

“Funso lotsiriza,” anatero bwana. “Mailo imodzi, mayadi angati?”

Bwana anaweramiranso pa kabuku kake.

Alongo, ine ndinaiwala kuti ndine wobwereka. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, “Wani sauzande seveni handiredi sikisite, sa!”

Anandikweza pa benchi. Seveni eyiti, fifite sikisi. Naini naini, eyite wani. Anandithamangitsa mpaka thwelufu thwelufu, osandigwira. Kenako anandipatsa sileti kuti ndilembe. Ndinangokweza nsanza ija. Iye anati, “Pepani, mwana wanga,” ndipo a Phineas anapuma ngati ng'ombe yomasulidwa pa goli. Benchi anaitulutsira panja kuti chithunzi chiwale. Bwana anang'amba tsamba lija m'kabuku kake, sukulu inatsala, ndipo analemba kuti Jairos apite kukaphunzira ku mishoni.

Madzulo ndinavula kabudula wanu, ndinabereka Limbikani.

Sindinakuchitireni nsanje, Mulungu ndi mboni. Ndinalira kamodzi kokha, tsiku limene munanyamuka ndi kabokosi kamalata pamutu. Uhedimasitala ndi wanu, munaukhetsera thukuta nokha. Koma ndakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu ndikudinda chala cha inki paliponse, kuchipatala, pa chisankho, ngakhale pa pasipoti yobwerera kuno. Zidzukulu zanga zimandikonda, koma zimandiona ngati gogo wodziwa kuphika basi. Ndikufuna zione kuti tsiku lina, m'mawa umodzi, ndinaimapo pa benchi.

Ndikudikira.
Nankhoma

*

Sparkhill
19 Meyi 2024

Atsibweni,

Ndine Dorothy, ndikulemba ndekha amayi asakudziwa. Muli bwanji? Mankhwala munalandira? Steve akuti kalata ya amayi anakupatsani m'manja pa Isitala, munaiwerenga kawiri, n'kumuuza kuti yankho kulibe.

Atsibweni, miyezi iwiri tsopano. Amayi amakhala pa windo m'mawa uliwonse, ndikabwera ku shifiti funso loyamba ndi lakuti foni yalira? Dzulo anandiuza kuti ndimufoonere Bethany aimitse zonse, akuti alongo anga asankha, musawavutitse. Ine sindinafoone. Dedilaini ndi pa 31. Ngati mukukana, kanani ndi pakamwa, tidziwe. Kukhala chete kumeneku kukuwadya.

Pepani ngati ndalankhula mopitirira msinkhu wanga.

Dorothy

*

Mkanthama, Dowa
7 Epulo 2024

Nelesi, mlongo wanga,

Kalata iyi sindikuidutsitsa kwa Steve, chifukwa mwana ameneyu amawerenga chilichonse ndipo pakamwa pake ndi wailesi. Ndaimata n'kupatsira Mayi Annet a mpingo wanu wa ku Lozells, amene abwera ku maliro ku Mponela. Akuti abwerera sabata yamawa.

Zonse wanena n'zoona. Khutu ndi lako. Ndinalizindikira Steve asanamalize kutambasula pepala.

Ukuganiza kuti ndikukakamira ulemu. Ulemuwo ndi wochepa. Chimene ndakhala ndikuopa ndi funso lotsatira: nanga Jairos anali kuti? Sindinali ku ng'ombe. Atsibweni ananditenga kupita nane kudambwe, anati mwana wa mlongo wawo sangakule wosalowa gule chifukwa cha sukulu ya azungu. Abambo anali mkulu wa mpingo, koma pa mbumba ya eni analibe mawu. Zikanamveka, ine akanandifufuta m'kaundula tsiku lomwelo, abambo akanawadula mu mpingo. N'chifukwa chake a Phineas anasankha kukuveka kabudula kusiyana n'kulemba kuti Jairos kulibe. Iwe sunapulumutse sukulu yokha.

Ndikuuzenso chimene sindinauzepo munthu. Nditafika ku mishoni, mphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo nati, uyu ndi uja Bwana Osborne anamutamanda. Seveni taimusi eyiti? Ndinati fifite folo. Ndinalandira zikoti zisanu ndi chimodzi. Ankati malungo anandidya nzeru panjira. Pa tchuthi choyamba ndinkakhala pafupi ndi mtondo wako ngati ndikudikira gaga wa nkhunda. Sindinkadikira gaga. Iwe unkasinja ukuimba matebulo, munsi ukagunda pansi yankho latuluka, ine n'kumatola. Mphunzitsi wanga woyamba wa masamu ndiwe, ndipo ana onse amene ndinawaphunzitsa matebulo anaimba nyimbo ya pa mtondo wako.

Ndaikamo pepala losainidwa la a komiti. Mizere iwiri siinakwane, ilipo khumi ndi inayi. Ndipo Lamulungu loyamba la Juni, pa msonkhano wa akulu a mpingo, ndidzaima n'kunena ndekha kumene ndinali, asanamve kwa anthu. Akandichotsa pa ukulu andichotse. Ndatopa kubisa dzanja lopanda chipsera m'thumba.

Undikhululukire.
Jairos

*

Sparkhill
7 Julayi 2024

Alongo anga okondedwa,

Moni, moni, moni. Ndili ndi zambiri, Dorothy wasongola mapensulo awiri.

Choyamba, kalata yanu ya Epulo inafika pa 9 Juni. Mayi Annet atatha maliro anadwala, atachira anakhalira ukwati wa mphwawo, ndipo kalata inagona m'chikwama pansi pa matumba a ufa ndi usipa miyezi iwiri. Inafika ikununkha kwathu. Ine nthawi yonseyo ndinali nditakuikani m'manda mumtima mwanga, Dorothy n'kukulemberani zaukali. Akuti pepani, atsibweni.

Chachiwiri. Inu a hedimasitala, nzeru zonsezo, mumayesa sindinkadziwa? Amene ankasenza mtsuko wa madzi kukatula pa mphambano ya kumanda m'mawa uliwonse sabata imeneyo anali yani? Ng'ombe zake ziti zimene zimabweza munthu atameta mutu, osayang'ana amayi ake kumaso? Ndinadziwa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinauze ngakhale malemu amuna anga. Ine ndinkangofuna benchi yanga, za kudambwe zikanakhala zanu.

Steve watiuza pa foni za msonkhano wa akulu a mpingo. Akuti mutatha kulankhula mkulu wina wa zaka zoposa zanu anati, “A Nkhoma, khalani pansi. Chaka chimenecho amene anakugwirani dzanja popita kumeneko ndine.” Akuti abusa anaseka mpaka kupukuta magalasi, n'kuitanitsa nyimbo. Ndiye mwasenza mwala zaka makumi asanu ndi awiri, mwala wake uli wa gaga.

Tsopano za dzulo. Poti kalata inachedwa, osindikiza anali atalemba kale dzina lanu pansi pa chithunzi. Bethany anafuna kulira. Ine ndinati lisiyeni, malayawo analidi a Jairos. Mungondisiyira malo pansi pake. Ndiye anapachika pepala lanu losainidwa pambali, n'kumata kapepala koyera pansi.

Milungu inayi ndakhala pa thebulo la kukhitchini ndi pensulo. N anandivuta, amagwa chagada. S ndi njoka, sagwirika. Ndinathyola mapensulo atatu, koma wondikwapula panalibe.

Holo inadzaza, anthu ochokera ku Coventry, ku Wolverhampton, ena a ku Chipata amene timapemphera nawo. Chithunzi anachikuza mpaka mwana uja anafanana nane msinkhu. Dorothy anawerenga mizere yanu khumi ndi inayi m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Atatha, bambo wina wa jekete, amene ndikumva kuti ndi wa komiti yomwe inkakana khutu langa, anafuula kumbuyo moseka kuti, “Agogo, nanga mailo imodzi mayadi angati?”

Ndinati, “Bweretsani benchi.”

Dorothy anati, amayi maondo. Ndinati maondo ndi anga. Anandigwira uku ndi uku, Bethany mbali ina, ndinakwera. Ndinawapatsa yankho lawo ndi “sa” wake yemwe. Ana obadwira kuno onse anatulutsa mafoni kuti andigwire bodza, ndipo mdzukulu wanga Chelsea anakuwa, “She's right!” Anayamba kundiponyera matebulo, uyu naini seveni, uyu leveni thwelufu, ine kubweza foni zisanayake. Amayi a chigwirizano analuluta mpaka woyang'anira holo anabwera kudzaona ngati kwabuka moto.

Nditatsika, Bethany anandipatsa cholembera cha inki cha agogo ake, chomwe chija chinalemba dzina lanu. Anati, “Pepani, agogo,” m'Chichewa chotulukira m'mphuno, ndipo ndinamva ngati njinga yamoto ili kutsidya kwa dambo. Ndinakweza dzanja lamanja kuti onse alione kuti lilibe nsanza. Ndinalemba pang'onopang'ono, holo yonse ikutchula chilembo chilichonse ngati ana a Sabu A.

Chithunzi cha zimenezi chikubwera kwa Steve, ndipo ulendo uno muloleni aulutse. Mundiuze ngati mwakolola kanthu, ndiponso ngati kasukulu kaja pamalo pake pakuonekabe. Inu munali hedimasitala, ndiye muchonge m'munsimu ndi inki yofiira. Dorothy, bweretsa kuno, apa ndimaliza ndekha.

NELESI